Nembanemba ya mu fuel cell ya methanol: njira imodzi, odutsa awiri

Munthu akaphwasula fuel cell ya methanol, chipangizo chopanga magetsi kuchokera ku methanol (mtundu wa mowa wa m'mafakitale wosamwedwa), amapeza pakati penipeni kachipepala ka pulasitiki kowonekera mbali zonse, kopyapyala kosafika ngakhale kotala la milimita. Kukayang'ana ndi maso palibe chodabwitsa. Koma kachipepala kameneka, komwe ndi nembanemba yolekanitsa mbali ziwiri za fuel cell, kakhala kakuzunguza mitu akatswiri a sayansi kwa zaka zoposa 30, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ma fuel cell a methanol sanafalikire monga mmene anthu ankayembekezera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000.

Nembanembayi inapatsidwa ntchito zitatu: kulola mapulotoni (maatomu a hayidirojeni amene ataya elekitironi yawo) kudutsa mosavuta, kutsekereza maelekitironi (tizinthu timene timanyamula magetsi m'waya), ndi kutsekereza methanol. Ziwiri zoyambazo zinatheka kalekale. Yachitatuyo ndiyo ikukanika, chifukwa njira imene mapulotoni amadutsamo ndi yomweyonso imene methanol amalowera. Ukaipanikiza kuti methanol asadutse, mapulotoni nawo amayamba kuvutika. Ukaimasula kuti mapulotoni athamange, methanol amatsatira pambuyo. Pafupifupi kafukufuku yense wa nembanemba zimenezi amazungulira pamenepa.

Choyamba timvetse chimene anthu amakakamirira methanol. Fuel cell siisunga magetsi ngati batire. Imapanga magetsi nthawi yonse imene ikulandira mafuta ndi mpweya, ndipo mafutawo akatha umangowonjezera ena popanda kudikira kutchaja. William Grove anasonyeza mfundo yake mu 1839 pogwiritsa ntchito hayidirojeni ndi okosijeni, ndipo mpaka lero fuel cell imayenda bwino kwambiri ndi hayidirojeni. Kungoti hayidirojeni ndi wovuta kusunga: magalimoto oyendera mpweya umenewu amaupanikiza mpaka 700 bar, pafupifupi ka 700 kuposa mpweya wotizungulira, m'matanki olimba kwambiri. Methanol ndi wamadzimadzi, amawira pa madigiri pafupifupi 65 Celsius, ndipo amasungika m'botolo la pulasitiki. Powerengera papepala, lita imodzi ili ndi mphamvu pafupifupi 4.8 kWh, pamene batire ya lithium ya kukula komweko siifika ngakhale 1 kWh. Ndi poizoni ndithu, kumwa pang'ono chabe kumachititsa khungu kapena kupha, n'chifukwa chake amagulitsidwa m'makatiriji omata. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri a ku Jet Propulsion Laboratory ndi a ku University of Southern California, kumene kunali George Olah ndi Surya Prakash, anapanga fuel cell imene umangoithira methanol wosakaniza ndi madzi, osayamba wamusandutsa hayidirojeni. Mtundu umenewu ndi umene amautchula mwachidule kuti DMFC.

Mkati mwake zimayenda chonchi. Mbali imodzi, yotchedwa anode, molekyu imodzi ya methanol imakumana ndi molekyu imodzi ya madzi pamwamba pa tizidutswa ta pulatinamu ndi ruthenium. Zimasweka n'kutulutsa mpweya wa carbon dioxide, mapulotoni 6 ndi maelekitironi 6. Maelekitironiwo sangadutse m'nembanemba, ndiye amazungulira kudzera m'waya, ndipo ulendo umenewo ndiwo magetsi amene timagwiritsa ntchito. Mapulotoni amadutsa m'nembanemba kupita mbali inayo, yotchedwa cathode, kumene amakumana ndi okosijeni ndi maelekitironi aja n'kupanga madzi. Papepala, selo imodzi imayenera kupereka mavoti (volts) pafupifupi 1.2. Kunja kuno, ngakhale isanalumikizidwe ku chilichonse imangopereka 0.6 kapena 0.7, ndipo ikamagwira ntchito imatsikira cha pa 0.4. Gawo lina la kutsikako limachokera ku anode, kumene methanol amasweka mwaulesi ndipo carbon monoxide wopangika pamenepo amamatirira pa pulatinamu mpaka ruthenium atamuchotsa. Gawo linalo ndi la nembanemba.

Mmene Nafion inapangidwira

Ma fuel cell oyamba a nembanemba ya pulasitiki anapangidwa ndi kampani ya General Electric ndipo anakwera m'zombo za m'mlengalenga za Gemini m'zaka za m'ma 1960. Nembanemba yake inali ya polystyrene yoikidwa asidi, ndipo inkawonongeka msanga. Chakumapeto kwa zaka zomwezo, Walther Grot wa ku DuPont anapanga Nafion, imene lero imapangidwa ndi Chemours, kampani yomwe inatuluka mu DuPont mu 2015. Mpaka pano nembanemba iliyonse yatsopano amaiyerekeza ndi Nafion.

Nafion ndi polymer, kutanthauza tcheni chachitali kwambiri cha mamolekyu olumikizana. Msana wa tchenicho ndi wofanana ndi Teflon, pulasitiki yokutira mapoto osamata chakudya, wodzaza maatomu a fluorine, ndipo sugwirizana ndi madzi ngakhale pang'ono. Pamsanapo pamatuluka tinthambi, ndipo kunsonga kwa kanthambi kalikonse kuli asidi wa sulfonic amene amakoka madzi mwamphamvu. Zinthu ziwiri zosamvanazi zili pa tcheni chimodzi, sizingathawane. Ndiye nembanemba ikanyowa zimadzisanja zokha: misana imaunjikana payokha n'kupanga chimango cholimba, nsonga za asidi zimasonkhana payokha n'kudzaza madzi. Mu 1981 Gierke ndi anzake a ku DuPont anajambula mkati mwakemo ngati timatumba ta madzi ta mananomita 4 tolumikizidwa ndi tinjira ta nanomita imodzi. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a milimita. Akatswiri ena pambuyo pake anatsutsa maonekedwe amenewa n'kupereka awo, koma onse amagwirizana kuti m'nembanemba yonyowa muli tinjira ta madzi tolumikizana kuchoka mbali imodzi mpaka inayo.

Pulotoni imayenda m'tinjirati m'njira ziwiri. Ikhoza kukwera pa molekyu ya madzi n'kuyenda nayo limodzi. Ikhozanso kudumpha: imamatirira pa molekyu iyi, molekyuyo n'kutaya pulotoni yake ina kwa yoyandikana nayo, iyonso n'kupatsira yotsatira, monga mmene anthu oima pamzere amapatsirana njerwa, njerwa n'kumafika kutali anthuwo osasuntha. Maganizo a kudumpha kumeneku anayamba ndi Theodor von Grotthuss mu 1806, ndipo mpaka pano amatchulidwa ndi dzina lake. Njira zonse ziwiri zimadalira madzi. Nafion yonyowa bwino imadutsitsa mapulotoni pa mlingo wa pafupifupi 0.1 siemens pa sentimita, koma ikauma mlingowo umagweratu.

Apa ndiye pagona nkhani. Molekyu ya methanol ili pafupi kwambiri ndi ya madzi: ukachotsa atomu imodzi ya hayidirojeni pa madzi n'kuikapo kaboni mmodzi wokhala ndi mahayidirojeni atatu, wapanga methanol. Ndi yaying'ono, ndipo imasakanikirana ndi madzi pa mlingo uliwonse. Kanjira kodzaza madzi sikangasiyanitse awiriwa. Methanol amawoloka pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ku anode ndi wochuluka pamene ku cathode kulibiretu, popeza aliyense wofika kumeneko amapsa nthawi yomweyo, ndiye amangoyenderera kupita kumene kulibe. Chachiwiri, pulotoni iliyonse ikamawoloka imakoka mamolekyu awiri kapena atatu a madzi, ndipo mwa okokedwawo mumakhalanso methanol.

Zotsatira zake n'zopweteka kangapo. Methanol wowolokayo amapsa pa pulatinamu wa ku cathode osatulutsa magetsi, amangosanduka kutentha, kutanthauza kuti mafuta atayika. Popsapo amalanda okosijeni amene amayenera kukumana ndi mapulotoni. Choipa kwambiri n'chakuti pa cathode imodzimodziyo pamakhala pakuchitika zinthu ziwiri zokokerana, kupsa kwa methanol ndi kulandira maelekitironi kwa okosijeni, ndipo mavoti amatsika. N'chifukwa chake DMFC yongokhala, yosayatsa chilichonse, imawerenga kale mavoti otsika. Pamwamba pa izi madzi onse owolokawo amadzaza timabowo ta cathode n'kutseka njira ya mpweya.

Opanga ma DMFC amazemba vutoli m'njira ziwiri, zonse zodula. Amasungunula methanol mpaka atsale pafupifupi magawo 3 pa 100 alionse, ena onsewo madzi. Zikatero makinawo amafunika pampu, chipangizo choyeza kuchuluka kwa methanol, ndi china chobweza madzi ochokera ku cathode, ndipo kachipangizo kamene kamayenera kulowa m'thumba kamasanduka bokosi. Njira ina ndi kugwiritsa ntchito nembanemba yokhuthala. Nafion 117, imene yagwiritsidwa ntchito kwambiri m'ma DMFC, ndi yokhuthala mamaikiromita pafupifupi 180 (maikiromita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), pamene ya m'magalimoto a hayidirojeni siifika 25. Kukhuthala kumachepetsa methanol wowoloka, koma mapulotoni nawo ulendo umawatalikira.

Nambala imene imanyenga

M'labotale, kuyeza methanol wowoloka sikovuta. Amatenga timabotolo tiwiri tagalasi tokhala ndi pakamwa m'mbali, n'kutilumikiza kukamwa ndi kukamwa, nembanemba itapanikizidwa pakati. Kumanzere amathira methanol wosungunula, kumanja madzi okhaokha, mbali zonse kachitsulo kotakasa kakuzungulira pansi. Pakapita mphindi zingapo amatapa kadontho kumanja n'kuyeza kuti methanol wafika wochuluka bwanji, n'kumabwereza. Nafion imapereka nambala ya pafupifupi 2 × 10⁻⁶ cm² pa sekondi, ndipo wofufuza aliyense amafuna kuonetsa kuti nembanemba yake yatsika kuposa pamenepo.

Kutsitsa nambala imeneyi payokha si luso. Pepala wamba la pulasitiki silidutsitsa methanol, koma silidutsitsanso mapulotoni. Chofunika ndi kugawa mlingo wa mapulotoni odutsa ndi mlingo wa methanol wodutsa, ndipo yankho lake ndi limene akatswiri amati selectivity. Bryan Pivovar, Yuxin Wang ndi Edward Cussler anatsindika mfundo imeneyi mu 1999. Ubwino wa nambalayi ndi wakuti siisintha ndi kukhuthala. Nembanemba imene yachepetsa methanol ndi theka n'kuchepetsanso mapulotoni ndi theka siinapindule kanthu, chifukwa zomwezo ukanazipeza pongophatikiza ma Nafion awiri. Powerenga malipoti a nembanemba zatsopano, ine ndimayamba ndayang'ana pamenepa, ndipo ambiri amene mitu yawo imalonjeza zazikulu amapezeka kuti angotsika pang'ono mumsewu womwewo.

Palinso misampha iwiri ya kayezedwe. Timabotolo tija kawirikawiri amatiyeza pa kutentha kwa m'chipinda, pamene DMFC imagwira ntchito pa madigiri 60 mpaka 80, pomwe nembanemba zambiri zimafufuma n'kusintha khalidwe. Komanso njira yosavuta yoyezera mapulotoni imawayeza akuyenda chopingasa, motsatira nkhope ya nembanemba, pamene mu fuel cell amaboola kuchoka nkhope imodzi kupita inayo. Ngati mkati mwa nembanemba muli tizidutswa taphanthiphanthi togona mosanjikizana, nambala ziwirizi zikhoza kusiyana kwambiri.

Kukonza Nafion yomweyo

Njira imene ambiri anayambira ndi kuthira tizinthu tolimba m'kati mwa Nafion: silica, titanium dioxide, zirconium phosphate, ma zeolite, dongo la montmorillonite, ndipo posachedwapa graphene oxide. Cholinga n'chakuti tizinthuti tikhale m'tinjira ta madzi n'kukhotetsa njira ya methanol, kwinaku tikusunga chinyezi kutentha kukakwera. Mu 1999 gulu la Antonucci ndi Aricò ku Messina, ku Italy, linayendetsa DMFC ya Nafion yosakaniza ndi silica pa madigiri 145, ndipo kutentha koteroko kumafulumizitsa anode yaulesi ija. Koma mlingo woyenera wa tizinthuti ndi wopapatiza. Ukathira tochepa sitichita kanthu. Ukapyola pang'ono timaundana, n'kusiya timipata pakati pa ito ndi polymer, ndipo timipata timeneto ndi msewu watsopano wa methanol. Nembanembayo imayambanso kuthetheka. Ena anathira ma asidi olimba monga phosphotungstic acid kuti mapulotoni asachepe, koma asidiyu amasungunuka m'madzi, ndipo DMFC imakhala m'madzi nthawi zonse, ndiye amakokoloka pang'onopang'ono. N'chifukwa chake masiku ano ofufuza amayamba amangirira asidi wa sulfonic pa tizinthuto tisanalowe m'nembanemba.

Ena anasiya mkati n'kukonza pamwamba pokha. Palladium ndi chitsulo chimene chimalola hayidirojeni kudutsa koma osati methanol, ndiye anayesa kukuta Nafion ndi kansalu kake kopyapyala. Nafion ikanyowa imafufuma, chitsulo sichifufuma, ndipo kansaluko kamang'ambika. Mu 2008 gulu la Paula Hammond ku MIT linakuta Nafion ndi tizigawo ta ma polymer toyalidwa kamodzikamodzi, kena ka mphamvu ya positive, kotsatira ka negative, ndipo linanena kuti mphamvu ya fuel cell inakwera kuposa magawo 50 pa 100. Chodabwitsa kwambiri chinachokera ku University of Manchester mu 2014, pamene gulu la Andre Geim linapeza kuti mapulotoni amaboola graphene, kansalu ka kaboni kokhuthala atomu imodzi yokha, kamene ngakhale mpweya wa helium sukadutsa. Papepala chimenechi ndi chotchinga chimene aliyense ankalakalaka. Chovuta ndi kupanga chinsalu chachikulu cha graphene chopanda kabowo n'kuchisamutsira pa nembanemba imene imafufuma ndi kufota tsiku lililonse.

Kusiya fluorine

Njira imene ndimaona kuti ili ndi maziko olimba ndi ya ma polymer opanda fluorine, omangidwa ndi mphete za kaboni. Wodziwika kwambiri ndi SPEEK. Amatenga PEEK, pulasitiki yolimba ya m'mafakitale, n'kuisungunula mu asidi wa sulfuric wamphamvu. Nthawi imene yakhalamo ndi kutentha kwake ndi zimene zimasankha kuchuluka kwa nsonga za asidi zimene zimamatirira pa tcheni. Mu 2001 Klaus-Dieter Kreuer wa ku Max Planck Institute ku Stuttgart anafotokoza chifukwa chake ma polymer amenewa amatchinga methanol bwino. Msana wawo ndi wouma gwa, sudana ndi madzi kwambiri ngati wa Nafion, ndipo asidi wawo ndi wofookerapo. Choncho magulu awiri aja, misana ndi nsonga za asidi, sadzisanja bwinobwino, ndipo tinjira timakhala topapatiza, tanthambi zambiri, tina tothera panjira. Methanol amavutika kudutsa, ndipo pulotoni iliyonse imakoka madzi ochepa.

Mtengo wake ndi wakuti mapulotoni nawo amachedwa. Kuti uwafulumizitse umawonjezera asidi, ndipo ukapyola malire nembanembayo imamwa madzi osaleka. Kachidutswa kamene kanali kosalala kakaviikidwa mu methanol wofunda kamafufuma, kamachita makwinya, kamafewa mpaka sikanyamulika ndi kopanira, ndipo kakhoza kusungunukiratu. Malire pakati pa nembanemba yaulesi ndi yosungunuka ndi opapatiza, ndipo kusungunula mu asidi kumamwaza nsonga zija mwachisawawa.

Gulu la James McGrath ku Virginia Tech linayankha vutoli pomanga tcheni kuchokera ku tizidutswa tokhala kale ndi asidi, kuti wopanga adziwe kuchuluka kwake ndi malo ake. Kenako linapita patsogolo n'kupanga ma polymer a zigawo: chigawo chachitali chodzaza asidi, chotsatira chachitali chopanda asidi, mosinthanasinthana. Zigawo zofanana zimafunana, ndipo tinjira ta madzi timapangika molongosoka pamene zigawo zoumazo zikugwira chimango kuti chisafufume. Kumeneku ndi kutengera nzeru ya Nafion koma uli ndi mphamvu yosankha kukula kwa tinjira. Jochen Kerres ku University of Stuttgart anatsata njira ina, yosakaniza polymer ya asidi ndi ina yotsutsana ndi asidi monga PBI, kuti ziwirizo zikokane n'kumanga matcheni. Kumanga matcheni motere, kaya ndi kukokana kaya ndi mankhwala olumikiza, kumaletsa kufufuma, koma kukachuluka nembanemba ikauma imathyoka.

Takeo Yamaguchi, ali ku University of Tokyo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, analiganizira vutoli mosiyana. Ngati methanol amadutsa chifukwa polymer yafufuma, itsekere m'malo amene singathe kufufuma. Anatenga pepala lolimba lodzaza timabowo, monga la polyimide, n'kudzaza timabowoto ndi polymer yodutsitsa mapulotoni. Makoma a timabowo amaipanikiza, madzi amene ingamwe amakhala ochepa ndipo ambiri amakhala omatirira ku asidi, osati oyenda momasuka kuti anyamule methanol. Maganizo amenewa amandigwira mtima chifukwa amagawa ntchito: kulimba n'kwa chinthu china, kudutsitsa mapulotoni n'kwa china.

Palinso mulu waukulu wa kafukufuku wa polyvinyl alcohol ndi chitosan, yomwe imachokera ku zikamba za nkhanu ndi shrimp. Polyvinyl alcohol imagwiritsidwa ntchito m'mafakitale kuchotsa madzi mu ethanol, ndiye anthu anaganiza kuti ichitanso chimodzimodzi ndi methanol. N'zotchipa ndipo zimatchinga bwino ndithu, koma pazokha sizidutsitsa mapulotoni okwanira ndipo sizikhalitsa.

Zopambana m'botolo, zogonja mu fuel cell

Nembanemba siigwira ntchito yokha. Mbali zake zonse ziwiri zimamatidwa ndi utoto wakuda wa pulatinamu, ndipo chomatira mu utotowo nthawi zambiri chimakhala Nafion yosungunula. Zitatuzi amaziika pakati pa zitsulo zotentha n'kuzipanikiza kwa mphindi zochepa. Nafion ndi Nafion zimagwirana bwino, chifukwa pa kutentha kumeneko zonse zimafewa. Nembanemba yopanda fluorine siifewa pa kutentha komweko, ndipo ikanyowa imafufuma mosiyana ndi utotowo. Akatswiri a ku Los Alamos National Laboratory, makamaka Yu Seung Kim ndi Bryan Pivovar, anasonyeza kuti pakapita maola ambiri malo okumanirawo amayamba kumatuka, ndipo mphamvu imatsika ngakhale nembanembayo ili bwinobwino. Nembanemba zambiri za selectivity yapamwamba zinafera m'mazira pa chifukwa chimenechi.

Kukhalitsa ndi nkhani ina. Mu fuel cell mumapangika hydrogen peroxide pang'ono, ndipo ikakumana ndi tizidutswa ta chitsulo imabala ma radical, tizinthu taukali timene timadula matcheni a polymer. Kulumikizana kwa kaboni ndi fluorine ndi kolimba kwambiri, n'chifukwa chake Nafion imapirira. Ma polymer a mphete za kaboni amalumidwa msanga. Ofufuza amayesa zimenezi poviika kachidutswa mu peroxide wothira iron, njira yotchedwa Fenton, ndipo kachidutswa ka SPEEK kakhoza kunyenyeka m'maola ochepa. Mayeso amenewa ndi ankhanza kuposa zimene zimachitikadi mu fuel cell, moti nembanemba zina zolephera pamenepo zimakhalitsa ndithu pantchito. Kuthira cerium pang'ono, amene amameza ma radical, kwathandiza m'nembanemba zamitundu yonse. Ndipo si methanol yekha amene amawoloka: mu 2004 gulu la Piotr Zelenay ku Los Alamos linapeza kuti ruthenium wa ku anode amasungunuka, n'kudutsa m'nembanemba, n'kukakhala pa pulatinamu wa ku cathode kumene amasokoneza ntchito ya okosijeni.

Kuthawa madzi, kapena kutembenuza ulendo

Ngati madzi ndiwo amanyamula methanol, bwanji osapeza nembanemba yosafuna madzi? Mu 1995 Wainright, Savinell, Litt ndi anzawo ku Case Western Reserve University anaonetsa kuti PBI, polymer yosapsa msanga imene amasokera zovala za ozimitsa moto, ikamwetsedwa asidi wa phosphoric imadutsitsa mapulotoni pa madigiri 150 mpaka 200 popanda madzi. Mapulotoni amadumpha pa mamolekyu a asidiyo, ndipo methanol wowoloka amachepa kwambiri. Koma methanol ayenera kulowa ngati nthunzi, chifukwa madzi amadzimadzi amatsuka asidiyo. Asidi yemweyo amamatiriranso pa pulatinamu n'kufooketsa cathode, ndipo makina otere amafuna nthawi kuti atenthe asanayambe ntchito. Pamapeto pake PBI inapeza malo ake kwina: m'makina amene amayamba asandutsa methanol kukhala hayidirojeni m'kachipinda kapadera, kenako n'kupereka hayidirojeniyo ku fuel cell. Pa kutentha kumeneko pulatinamu amapirira carbon monoxide wotsalira, amene pa madigiri 80 akanamupha. Makampani a ku Denmark monga SerEnergy ndi Blue World Technologies anatsata njira imeneyi. Vuto la kuwoloka silinathetsedwe pamenepa, analizungulira.

Ena anatembenuza ulendo wonse. M'nembanemba za alkaline, zotsutsana ndi asidi, chimene chimayenda si pulotoni koma hydroxide, yomwe ndi molekyu ya madzi yotaya pulotoni imodzi, ndipo imachoka ku cathode kupita ku anode, choncho madzi amene imakoka amayenda motsutsana ndi methanol. Methanol amaswekanso mofulumirirapo m'malo opanda asidi, ndipo zitsulo zotchipa zikhoza kulowa m'malo mwa pulatinamu. Chopinga chake chimachokera mu fuel cell momwemo: carbon dioxide wotuluka ku anode amagwirana ndi hydroxide n'kupanga carbonate, imene imayenda mwaulesi.

Njira ina imavomereza kuti methanol awoloka basi, n'kusintha cathode. Pali zinthu zolowa m'malo mwa pulatinamu zopangidwa ndi iron, nayitirojeni ndi kaboni zimene zimagwira ntchito ndi okosijeni koma methanol sizimulabadira. Mavoti satsikanso chifukwa cha kukokerana kuja. Mafuta owolokawo amatayikabe, ndipo tsopano amatuluka ndi mpweya osapsa, zomwe si zabwino pa chinthu chapoizoni.

Pamsika, maloto a mafoni ndi malaputopu oyendera methanol sanapite patali. Toshiba inatulutsa chotchajira chotchedwa Dynario ku Japan mu 2009, zokwana 3,000 zokha, pa nthawi imene mabatire a lithium ankatsika mtengo ndi kukwera mphamvu chaka ndi chaka. Kumene DMFC yakhazikika ndi kumalo akutali ndi mawaya a magetsi, kofunika mphamvu yochepa koma kwa milungu yambiri popanda wopitako: makamera achitetezo, zipangizo zoyezera nyengo, mabwato ndi magalimoto ogonamo. Kampani ya SFC Energy ya ku Brunnthal, pafupi ndi Munich, yakhala ikugulitsa makina ake a EFOY pa ntchito zoterezi. Kumeneko bokosi la pampu ndi matanki silivuta munthu, ndipo methanol wosungunula amakwanira.

Chimene chingasinthe zinthu tsopano sichichokera m'labotale ayi. Nafion ili m'gulu la mankhwala otchedwa PFAS, amene sawola akatayidwa. Mu Januwale 2023 mayiko asanu, Denmark, Germany, Netherlands, Norway ndi Sweden, anapereka ku European Chemicals Agency pempho loletsa gulu lonse la mankhwalawa, kuphatikizapo ma polymer a fluorine. Makampani a ma fuel cell anapempha kuti nembanemba zawo zipatulidwe, ponena kuti palibe cholowa m'malo chimene chakhwima. Kwa zaka zonsezi nembanemba yopanda fluorine inkafunika kuposa Nafion pa chilichonse kuti wina aigule. Malamulo akakhwima, idzangofunika kufanana nayo pa mapulotoni, kumata bwino pa utoto wa pulatinamu umene nawonso udzafunike chomatira chopanda fluorine, ndi kupirira maola masauzande angapo mu methanol wofunda.